Mawu a pa pilo akundisowetsa tulo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimaluka tsitsi pa saluni ina yoyang'anana ndi siteji ya basi. Amuna anga ndi telala. Ndi munthu wabwino koma wouma pakamwa. Chikwatiranireni sanandiuzepo mawu achikondi, kupatula tsiku lina pamene anati, "Mwanenepa bwino."

Chaka chino anayamba kuphunzira Chingelezi kwa kasitomala wawo wina, mphunzitsi wopuma pantchito amene amabwera kudzachepetsa mathalauza. Pa tsiku langa lobadwa anandipatsa nsalu ya pilo yoyera, atapetapo ndi ulusi wofiira mawu akuti I DOTE ON YOU. Ine Chingelezi changa ndi chogulira tomato, koma ndinaona kuti ulusi wofiira sunganene zoipa. Ndinapita nayo ku saluni kuti anzanga akapse mtima ndi nsanje.

Kumeneko n'kumene zinavuta. Mayi wina amene timamutcha Adona, chifukwa anakhalako kunja miyezi ingapo, anatulutsa mutu m'makina owumitsira tsitsi n'kuwerenga. Anati, "Dote ndi dothi, kungoti atelala sadziwa sipelo. On you ndiye kuti pa inu. Dothi pa inu. Nanga munthu amathiridwa dothi ali kuti?" Mnzanga wina anandigwira paphewa ngati ndine namfedwa.

Ndinayesa kuziiwala, koma sabata yomweyo bambowa anabwera ndi fosholo yatsopano, chonsecho pakhomo pathu ndi pa simenti pokhapokha. Loweruka masana ndikupuma pa sofa, ndinadzidzimuka akundiyeza ndi tepi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Nditawafunsa anati, "Gonani, musasunthe. N'zachinsinsi."

Mwana wathu woyamba anafufuza pa foni n'kundiuza kuti mawuwo amanena za munthu amene nzeru zake zabalalika ndi ukalamba. Ndiye kaya akuti mutu wanga wakalamba, kaya akufuna kundikwirira, sindikudziwa chabwinoko n'chiti. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa tanthauzo lake. Anayang'ana pansi, akukanda m'khutu, n'kunena kuti, "Zimene ndalembazo n'zimene zakhala mumtima mwanga kuyambira kale."

Panopa ndikugona kuchipinda cha ana. Tiyi amene amandipangira m'mawa ndimathirira duwa la m'chitini. Silinafe, koma mwina ndi lolimba. Iwo akuonda, ndipo dzulo analumikiza miyendo iwiri ya thalauza la kasitomala n'kukhala siketi. Katundu wanga ndamanga kale. Ndinyamuke?

Ine E. K., wa moyang'anana ndi siteji.

Mayi E. K.,

Masulani katunduyo. Palibe amene akukukumbirani dzenje.

Mawuwo satchulidwa kuti do-te. Amamveka ngati dowuti, ndipo alibe chibale chilichonse ndi dothi. M'Chingelezi akati munthu akuchita dote on wina, ndiye kuti akumukonda mopitirira muyezo, mpaka osaona cholakwa chake. Ndi chikondi cha agogo pa mdzukulu amene waswa mbale, iwo n'kumati mbaleyo inatopa kale. Amatha kunena choncho za mwana, za mkazi, za mwamuna, ngakhale za galu. Kamawu ka on kameneka kamangoloza amene akukondedwayo, sikaloza pothira chilichonse.

Mwana wanu sananame, koma anawerenga theka. Zaka mazana angapo zapitazo mawuwa ankatanthauzadi kupusa, makamaka kubalalika kwa nzeru kwa munthu wokalamba, ndipo odziwa zinenero amati ndi apachibale ndi mawu akale a Chidatchi onena za kupusa. Mpaka lero dotage ndi ukalamba wa mtundu umenewo. Kenako anthu anaona kuti munthu akakonda kwambiri amayenda ngati mutu sukugwira, ndiye anangobwereka mawu omwewo. Koma onani kuti chiganizo cha pa pilo chayamba ndi I, kutanthauza kuti ine, ndiye kuti wolembayo. Amene wavomera kupusa ndi atelala, osati inu.

Za tepi musavutike. Telala akayeza mkazi wake mobisa, ndiye kuti kukubwera diresi. Bokosi amakhoma ndi kalipentala. Za fosholo sindinganame, sindikudziwa. Amuna ambiri akapeza chinthu chotsika mtengo amayamba agula, ntchito yake amadzaiganizira kunyumba. Afunseni.

Lero lomwe valikani nsaluyo pa pilo, mubwerere kuchipinda kwanu. Mawa imwani tiyi pamaso pawo mpaka kapu iume. Kenako muwauze zonse, ndi za Adona zomwe. Akaseka, sekani nawo. Akakhumudwa, pepesani ndi mtima wonse, chifukwa munthu wamanyazi amene anakhala pansi kupeta chilembo chimodzichimodzi, kulasidwa ndi singano, sanayenere kulipidwa ndi bedi lozizira. Muwathandizenso kuphwasula siketi ija kasitomala asanabwere. Ndipo zinthu za kuchipinda musamapite nazo ku saluni. Munthu amene mutu wake wangotuluka m'makina otentha asamakumasulireni ukwati.

Chenjezo langa ndi ili. Mwamuna amene akukondani chotere saona zolakwa zanu, ndipo zolakwazo muli nazo ngati tonsefe. Mukapitiriza kuwakayikira, tsiku lina nzeru zidzawabwerera, adzayamba kukuonani bwinobwino. Ine ndakhalitsa m'banja, ndimvereni: matenda amenewa safuna kuchiritsa.

Aphungu