Chiheberi cha Alamu Anga

Lolemba, 3 Malichi
Alamu anga a Edwin ayamba uneneri. Mlonda wa pageti ku Ras Abu Aboud kuno ku Doha, lero akuti tiziwatchula Mtumwi. Akufuna ndiwaikire Chiheberi pa laputopu yanga. "Alamu, kumwamba salankhula Chingerezi." Munthu woti Chichewa chomwe amalemba mopunduka.

Lachitatu, 5 Malichi
Ndaika. Kusankha chilankhulo, kudawunilodi kiyibodi, basi. Zilembo zitayamba kuyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, iwo kugwada pomwepo. Ati chizindikiro. Rashid wa bedi lapamwamba m'chipinda mwathumu wawauza kuti Chiarabu cha pabotolo la madzi chimayendanso choncho.

Lachisanu, 7 Malichi
Tsiku lopuma, laputopu ili pamiyendo ya Mtumwi kuyambira m'mawa. Sindikudziwa anadina pati, koma CV yanga yonse yathawira kumanja. Ndaitumiza kuhotela osaiona. Ntchito ya pa risepushoni, khalas, yapita. Ndizingoyendetsabe basi ya antchito.

Lachiwiri, 11 Malichi
"Mavumbulutso" akupita ku gulu la WhatsApp la kwathu ku Balaka. Anthu sikisite, ameni yekhayekha. Mlongo wanga Dorcas, mkazi wawo, wasindikiza limodzi n'kuliika m'fulemu pabalaza. Wanditumizira chithunzi ataima pambali pake, wavala chitenje chatsopano. Mtima wandiwawa.

Lachinayi, 13 Malichi
Ndawaonerera akutaipa. Amangodina mabatani athu omwewa, Chichewa, n'kumatuluka zilembo zachilendo. Atapita kushifiti ndatenga pepala, chilembo chilichonse kuchibwezera pa batani lake. Vumbulutso la m'fulemu likuti: "Fyness wanga ndakusowa Lachisanu tikumane pa metro."
Fyness ndi mtsikana wochapa zovala kuhotela ya ku Al Doha Al Jadeeda, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya metro.
Ndawafunsa. "Mzimu ndi umene umayendetsa zala, alamu." Thukuta kamukamu, AC ili pa 18.

Loweruka, 15 Malichi
Mtumwi wandigulira biriyani ya nkhuku. Chibwerereni ku Doha, koyamba. Ndadya, nkhuku sinalakwe.
Dorcas watumiza uthenga wa mawu. Amayi a mvano akubwera mawa kudzaona fulemu. "Achimwene, inu munapita kusukulu, ndimasulireni ndisakachite manyazi."
Ndajambula yankho katatu, kufufuta katatu. A Edwin ali pakhomo, akundiyang'ana pakamwa, chipewa cha ulonda m'manja.
Yankho lachinayi ndatumiza: "Dorcas, usaphike tiyi wa alendo. Tsitsa fulemuyo, tenga pensulo, ndikuphunzitse Chiheberi."