Mpeni wa Ama

Chintheche,
Nkhata Bay.
17 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Mackson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Kepitauni pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, koma sindinganame kuti tili bwino. Kalatayi ndapatsira a Jeremiah amene akukwera basi Lachiwiri, chifukwa ndikalemba pagulu lathu la WhatsApp, azakhali ndi asuweni onse athamangira kudzatileretsa ndisanamalize n'komwe. Muiwerenge muli nokha. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mukukumbuka mu Febuluwale, patatha miyezi iwiri Ama atadwala sitiroko? Kunyumba kunabwera mayi Olive, a OT akuchipatala. Ntchito yawo ndi yomweyi ndikuphunzira ine kukoleji, yothandiza wodwala kubwerera ku zochita zake za tsiku ndi tsiku. Sanabwere ndi masewera a m'buku ayi. Anangofunsa kuti, "Ama, mumakonda ntchito yanji?" Ama anati kusenda chinangwa cha kondowole, ndi kulemba maminitsi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. Basi mayi Olive anatenga mpeni wathu wakale uja n'kukulunga chigwiriro chake ndi mphira ya chubu cha njinga mpaka chinanenepa, kuti dzanja lofookalo lizitha kugwira. M'mawa uliwonse Ama ankayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika padiramu loviikira chinangwa, mapazi makumi atatu ndi anayi, ndinkawerenga ndine. Anayamba kusenda zitatu patsiku, kenako zisanu. Mpeniwo ankaukalipira m'Chitonga, kwinaku akuseka.

Ndiye Tiyanjane, msuweni wathu, pochokera kuntchito kuloji ku Kande, anawajambula atakhala pansi makoko ali mbwee pachitenje, n'kuponya chithunzicho pagulu. Inu simunafunse kanthu. Munangotumiza voisi ya mphindi zinayi, ndikadali nayo mpaka lero. "Idesi, Ama si aganyu. Ana awo tili moyo. Akumpingo aziti mwana ali ku Joni koma mayi ake akukwawa ndi chinangwa? Sukulu yakoyo isakuzunguze mutu." Patangotha milungu iwiri chikuku cha olumala chinafika, chonyezimira bwino, ndipo munalamula azakhali a Hannah kuti Ama asagwirenso ngakhale kapu.

Azakhali ndiye anamvera, mwamva! Kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa ndi supuni ngati khanda. Ama akati adzuke, iwo: "Khalani alamu, mungagwe, ndikamuuza chiyani Mackson?" Miyezi isanu yathunthu munthu ali phee pansi pa mango, akuonerera nkhuku. Nditafika mu Julayi ndinapeza miyendo itatupa, kumbuyo kwayamba chilonda, dzanja lamanja litafumbata gwa, zikhadabo zikulowa m'chikhatho. Mapazi makumi atatu ndi anayi aja, lero asanu okha akuwakanika. Zithunzi zimene azakhali amakutumizirani Lamulungu, Ama ali m'chikuku atamanga duku loyera, dzanjalo amalifunditsa chitenje. Inu n'kumayankha kuti "Ama akuoneka bwana." Ubwana wanji umenewu, achimwene?

Ndabwera kudzachita kafukufuku wa chaka chomaliza. Ndikuyenda ndi kope langa kufunsa ma OT mmene amalimbikitsira odwala kuti azitakataka. Taonani manyazi ake: ndikufunsa anthu za odwala a eni, mayi wanga wondibala akuuma kunyumba. Lolemba ndinakhala pansi ndi mayi Olive, foni ikujambula mawu. Ndinafunsa kuti, "Chimakuvutani kwambiri pantchito yanu n'chiyani?" Ndinkayesa anena za mafuta a njinga yamoto. Iwo anati, "Abale achikondi, mwanawe. Wodwala wopanda womusamala amadzuka yekha ludzu likamuwawa. Wokondedwa kwambiri timamupeza atauma pampando." Kenako anamwetulira n'kundifunsa kuti, "Nanga Ama akusenda zingati tsopano?" Ndinati khumi. Bodza langalo lili m'foni, ndipo polemba lipoti ndiyenera kumalimvera mobwerezabwereza.

Musaganize kuti ndakwiyira inu nokha. Mpeni uja anaubisa si azakhali, ndine. Tsiku la voisi yanu lija asuweni onse anayikapo tizithunzi ta manja opemphera, ine manyazi anandigwira, ndinalemba kuti "Chabwino achimwene," n'kuutsomeka mpeniwo kudenga la khitchini. Ndinkadziwa chimene chichitike, tinali titaphunzira kale m'kalasi, mayeso ake ndinakhoza. Mayi Olive ndinawauza kuti asavutikenso kubwera, ndiziyang'anira ndekha. Kenako ndinakwera basi kubwerera kusukulu. Inu munalakwa mosadziwa, koma ine ndinkadziwa, ndipo zimenezi zikundidya mumtima.

Lachitatu ndinabwerera kuchipatala kukaulula. Mayi Olive sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangokwera njinga yawo n'kubwera. Anatenga nthawi akuwongola zala za Ama chimodzichimodzi, Ama misozi ili chuchuchu. Ananena mosabisa kuti zonse sizingabwerere, koma zina zikhoza kubwerera tikayamba pano. Tikadikira mpaka mvula, dzanjalo lingatsekeke mpaka kalekale. Ndiye anati, "Ama, tiyeni tiimirire." Ama anagwiritsa chikuku ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Mwana wanga anagula ndi thukuta lake chimenechi. Anati ndipume. Ndikadzuka aziti sindinayamike."

Mwamva, achimwene? Akukhala pansi pofuna kukulemekezani inuyo. Ine ndalankhula mpaka kukhosi kwauma, mayi Olive alankhula, ngakhale abusa anayesako. Ama amangoti, "Mackson akanena." Azakhali nawo akuti salola mpeni pakhonde pano popanda mawu anu, poti mwamuna wapakhomo ndinu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna bulangete, sindikufuna mankhwala opaka a ku Joni, musatumizenso katundu wina aliyense. Tumizani voisi. Pagulu lomwe lija, pamene munandinyozera, mphindi zinayi zomwezo ngati mukufuna. Munene ndi pakamwa panu kuti, "Ama, dzukani, sendani chinangwa." Chikukucho sititaya, chikhale cha ulendo wa kutchalitchi. Ngati akumpingo aseke, aseke. Kodi iwowo ndi amene amatsuka chilonda m'mawa? Mpeni ndautsitsa kudenga, ndaunola, mphira ndamanganso. Uli pawindo, ukudikira inu.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana, Joel ndi Tiyamike. Azakhali akupereka moni, sakudziwa zimene ndalemba muno. Ama akuti tawonga ukongwa, zikomo kwambiri, chifukwa cha chikuku, akuti amakupemphererani tsiku lililonse kuti musatope nawo.

Nditawauza kuti ndikukulemberani, anati nawonso asayine, monga ankachitira pansi pa maminitsi a Umanyano zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zija. Ndinakulunga bolopeni ndi mphira yotsala, n'kuilowetsa pakati pa zala. Tinayamba atangomwa phala, tinaleka dzuwa lili paliwombo. Zimene mukuona pansi pa dzina langazo si kuti mwana anaseweretsa pepala ayi. Ndi dzina lawo, "Angela", koma anangofika pa chilembo chachiwiri.

Ine mlongo wanu,
Idesi

Ama akuti ndisakuuzeni kuti anagwira bolopeni, mungakhumudwe.