Mvula Yonunkha Matayala

Lolemba, 7 Malichi

Ababa amanganso katundu. Kachitatu chibwerereni kuno. Mphasa yopempherera, ndodo, ketulo yanga. Akuti akubwerera kumudzi ku Haud, kuli ngamila zawo. Miyezi inayi mu Hargeisa yawakwana. "Bala lapola. Ndikhalirenji m'nyumba ngati mbuzi yodwala?" Bala lapoladi. Shuga sanapole, ndipo sapola. Kufamase, kuntchito kwanga, ndimanena zimenezi tsiku lonse kwa anthu osawadziwa, amandimvera. Kunyumba ayi.

Zaka 71. Kumene akufunako chipatala n'cha masiku awiri wapansi.

Ndatopa nazo, ndiye ndawapatsa mayeso. Lachisanu akwere phiri la Naasa Hablood ndi gulu lathu loyenda m'mawa, atsike ndi miyendo yawo. Akatero, Loweruka ndiwakweza galimoto ndekha. Akalephera, akhala. Aseka mpaka kutsokomola. "Kachulu kaja?" Tagwirana chanza. Ine phiri limenelo limandisiya lilime lili panja, ndiye ndikuona ngati ndapambana kale.

Lachitatu, 9 Malichi

Nimo, mnzanga wotsogolera gulu, akuti aliyense mabotolo awiri a madzi ndi nsapato zotseka. Ndagula nsapato. Ababa azigwiragwira, azinunkhiza, aziika kunsi kwa bedi. Apita ndi nkhwayira zawo zachikopa. Botolo akana. "Sahan samwa madzi panjira, Ubah. Mkaka m'mawa, basi." Zaka makumi atatu anali sahan: wotumidwa patsogolo kukaona kumene yagwa mvula, mudzi wonse ndi ziweto n'kusamuka pa mawu ake. Nkhaniyi ndaimva kambiri kuposa dzina langa.

Afunsa kuti pamwambapo tikukatengapo chiyani. Ndati palibe. "Anthu makumi awiri, palibe amene wataya chiweto, kungokwera n'kutsika?" Ndati n'zolimbitsa thupi. Ati Mulungu atichitire chifundo.

Tiyi athira pambali pa kapu. Akuti makapu anga ndi aang'ono.

Lachisanu, 11 Malichi

Tinanyamuka titangotha pemphero la m'mawa. Miyala yoterera, minga, mphepo youma gwa. Ababa kumbuyo kwa Nimo, phazi ndi phazi, ndodo pamapewa, manja atakolekapo. Osapuma. Ine pakati pa njira botolo loyamba latha, mtima ukugundira kukhosi. Bambo wina wobwera kuchokera ku London, wa wotchi yowerenga mapazi, anakhala pamwala n'kusanza. Ababa pomudutsa: "Pepa, mwana wa mbale wanga. Uuze wotchiyo ikubereke."

Pamwamba. Mzinda wonse pansi, malata ali ng'aning'ani. Ababa anatembenukira kummwera, kumene kuli Haud, dzanja pachipumi. Nthawi yaitali. Kenako motsitsa mawu, kuti ena asamve: "Ubah, kwadako uko. Ndi mvula?"

Chibadwire changa sanandifunsepo kanthu za kumwamba.

Unali utsi. Kudzala, kumene amatentha zinyalala ndi matayala. Wakuda bii, ngakhale mwana akanauzindikira. Ndinawayang'ana m'maso padzuwa, mwina koyamba chaka chino. Otuwa pakati ngati madzi otsukira mpunga. Kapu ija. Kumamatira kumbuyo kwa Nimo kuja: amatsata phokoso la mapazi. Ine wogulitsa mankhwala, miyezi inayi ndikuyang'ana bala la pamwendo.

Ndinati, "Ndi mvula, Ababa." Sindikudziwa chifukwa chake. Bodza, ndikudziwa. Nkhope yawo inali ikudikira.

Anamwetulira. Potsika mphepo inatembenuka, n'kutibweretsera fungo la tayala lopsa. Anaima, anakweza mphuno. Anatsika ndi miyendo yawo mpaka pamsewu. Apambana.

Loweruka, 12 Malichi

Ndasunga mawu anga. Galimoto ya ku Haud pakhomo, mpando wakutsogolo. Dalaivala waliza hutala katatu. Ababa ali pamphasa, katundu ali chimangire pambali pawo. "Muuze azipita." Mawu ndi omwewo.

Madzulo ndapeza ketulo ili kukhitchini, pamalo pake.

Ndimafuna akhale. Akhala. Ndalira kubafa, osatsegula mpope, madzi ndi odula.

Lachiwiri, 15 Malichi

Masiku atatu moni wokha. Dzulo anaimbira mng'ono wawo, bambo aang'ono Hirsi, ine ndikumvera kukhitchini. Akuti ngamila zonse aziwete a Hirsi, koma yoyera ija asagulitse. Anazitchula mayina, imodziimodzi, khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anyezi wanga anapserera.

Lero popereka mankhwala andigwira dzanja. "Kusaona si mlandu, maso amakalamba. Koma sahan akanama, ziweto zimayenda masiku anayi kukafera pouma. Ndinakutuma kamodzi kokha, mwana wanga."

Ndati ndinawamvera chisoni. "Chisoni chakocho ndinachimva fungo."

Bola akanangonditukwana.

Dokotala wa maso pa 28. Nimo akuti ndi ng'ala chabe, amachotsa, azakhali ake tsopano akulowetsa ulusi pasingano. Mwina. Ine ndikudziwa zimene shuga amachita kuseri kwa diso. Ababa afunsa ngati adzaonanso. Ndati sindikudziwa. Ati eya, yankho ndi limenelo.

Nsapato zija zidakali kunsi kwa bedi. Kusitolo akana kuzilandira.

Lachisanu, 18 Malichi

Alamu sindinatchere. Ndadzidzimuka ndi ndodo pachitseko changa, go go go. Ababa, nkhwayira kumapazi, botolo m'manja. Akuti ndi langa, poti ndimafooka.

Wa ku London sanabwere. Miyala yomweyo, minga yomweyo, ine lilime panja ngati kale.

Pamwamba atembenukira kummwera, dzanja pachipumi. "Nena."

Ndayang'ana bwinobwino, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osathamanga. "Utsi, Ababa. Kuseri kwake fumbi. Mtambo palibe ngakhale umodzi."

Agwedeza mutu. "Chaka choipa."

Potsika sanapite kumbuyo kwa Nimo. Aika dzanja paphewa langa, anthu onse akuona, ati nditsogole.