Zala Zitatu M'chigubu

Lupaso, Mzuzu
14 Okutobala 1983

Okondedwa amalume,

Monire. Kuno tili bwino, Eness ndi ana akupereka moni.

Munafunsa za ntchito yanga. Mbewu ya nkhunzi yobereketsera ng'ombe zamkaka timaisunga m'chigubu cha naitirojeni. Umenewu ndi mpweya, koma ukazizira kwambiri umasanduka madzi. Chigubucho chili ngati fulasiki ya tiyi, kungoti chimasunga kuzizira. Mukachitsegula, kutentha kumalowa, madzi ena n'kubwerera kukhala mpweya. Akauma onse, mbewu yafa.

Tsono a tcheyamani a chipani amakonda utsi woyera umene umatuluka ndikatsegula. Mlendo aliyense amabwera naye kuno. "Yewo a Mhango, tsegulani aone chitukuko." Ndingakane bwanji? Lero ndayeza ndi kamtengo, madzi atsala zala zitatu, ndipo lole yobweretsa ena ifika pakatha masabata awiri. Ng'ombe ya a tcheyamaniwo nayonso ikudikira mbewu yomweyi. Ikapanda kutenga bere, wofunsidwa ndine.

Zina sizilembedwa m'kalata, amalume. Kodi chipinda chakumbuyo kwanu ku Zomba chikadali chopanda munthu? Mwina Eness ndi ana adzakuchezerani kwa kanthawi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Stanford