Envulopu Imene Bambo Anamata

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo. Amayi akudya bwino, koma makutu akunka nathera. Wailesi amaikweza mpaka a nyumba yoyandikana nafe amamva nkhani zaulere. Mlamu wako ali bwino, ine ndi bondo lomwe lija basi.

Wailesi yomweyo ndiyo yachititsa kuti ndikulembere. Sabata yatha ankanena za makina amene atumizidwa kuthambo kukaona mwezi wa dziko lina lakutali, mwezi wokutidwa ndi madzi oundana, umene akatswiri akuganiza kuti pansi pake pali nyanja. Amayi anandiitana kuti ndithamange, ati akunena za mwezi wa abambo anu.

Ukukumbukira mmene Bambo ankalembera? Ankabwera kuchokera kosindikiza mabuku manja ali bii ndi inki, m'thumba muli timapepala totsala podula, tija tatitali ngati lamba. Buku lawo lonse lija la nkhani ya pa mwezi wotere analilemba pa timapepala timeneto n'kutimanga ndi ulusi. Pa tebulo sankatifunsa za kusukulu. Ankafunsa ngati cholengedwa chobadwira mumdima chingafune maso, kapena ngati anthu amene thambo lawo ndi denga la madzi oundana angalote n'komwe kuti kunja kuli nyenyezi. Iwe unkangotafuna uli phee. Ine funso limodzi ndinkaliyankha ndi mafunso atatu, mpaka Amayi ankati tiwasiye anthu a pansi pa nyanjawo adye kaye, nafenso tidye.

Nditamva za pa wailesizo ndinaliwerenganso bukulo tsiku limodzi. Likundigwirabe pamalo pomwe paja. Mayi woboola madzi oundana uja atsitsa nyali pa chingwe kudzera pa bowo, chingwe chitha, kenaka china chake chichikoka katatu kuchokera pansi. Buku n'kuthera pomwepo. Paja wometa tsitsi wa pakona anabweza lake, ati amugulitsa lothothoka masamba akumapeto. Bambo anamuuza kuti masambawo alipo ndithu, adzawawerenga tsiku limene dazi lake lidzamere tsitsi.

Masambawo ndi aja anatipatsa m'chipatala mu envulopu yakhaki. Tinaigwira tonse awiri, iwe mbali iyi ine mbali inayo, ndipo tinalonjeza kuti sitidzaitsegula mpaka anthu atadzaboola madzi oundana a mwezi wotere n'kuona okha zimene zili pansi. Pamene unkasamuka unaisiya kwa ine, uti ndine wamkulu.

Tsono mlongo wanga, wa pa wailesiyo ananena kuti makinawo adzafika patapita zaka, ndipo sadzatera n'komwe, adzangozungulira ndi kujambula. Zoboola n'za mibadwo ina. Ndinakhala pansi n'kuganizira zaka zanga makumi asanu ndi zitatu, ndi bondo ili. Ndinaona kuti ndidzaikidwa m'manda ndisanadziwe chimene chinakoka chingwe.

Ndakulakwira. Lachiwiri masana, mlamu wako atapita kuntchito, ndinatereka ketulo n'kuika envulopu ija pa nthunzi. Ndimati ndimatule bwinobwino, ndiwerenge, ndimatenso, iwe usadzadziwe. Mwana wa munthu wosindikiza mabuku ndinayenera kukumbukira kuti inki ya Bambo ndi nthunzi sizionana. Mayina athu amene analemba pamwamba anayenderera, pepala linakwinyika ngati chikhatho cha wochapa. Potembenuka ndinapeza Amayi ataima pakhomo la khitchini. Anangondifunsa ngati tiyi wa masiku ano akumathira makalata.

M'katimo munalibe mutu womaliza. Munali kapepala kamodzi ka lamba, ndi kaenvulopu kena koyera kolembedwa dzina lako.

Pa kapepalako Bambo analemba kuti akudziwa kuti watsegula ndine, ndipo akudziwanso kuti madzi oundana sanabooledwe. Ati sanakwiye, poti munthu wosavundukula mphika wa eni sangalembe kanthu, ndipo ineyo ndinabadwa chivundikiro chili m'manja. Koma mutu womaliza ati auika m'kaenvulopu kako, chifukwa m'nyumba monse ndiwe wekha unkatha kusunga switi m'thumba kuyambira m'mawa mpaka poweruka kusukulu.

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ati analipo tsiku lomata, ndipo anatsutsana ndi Bambo pa chinthu chimodzi chokha: Bambo ankati ndidzapirira zaka zisanu, iwo ankati maliro asanathe n'komwe. Ati pofika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndawachititsa manyazi onse awiri. Nditawafunsa ngati akudziwa chimene chinakoka chingwe, makutu aja anafa mwadzidzidzi. Ndinafunsa kachiwiri mokweza, iwo n'kundiyankha za mvula.

Sindikubisira, kaenvulopu kako ndinakayang'anitsa pa windo dzuwa likuwala. Sikaoneka kanthu. Bambo anakulunga masambawo m'pepala lakuda la kaboni. Munthu uja anandidziwa mpaka pa windo.

Chichokereni tsikulo ndikungoganiza. Mwina ndi cholengedwa chimene chinaona kuwala koyamba m'moyo wake n'kufuna kukugwira, monga khanda ligwira chala. Mwina ndi madzi chabe, mafunde a pansi, ndipo mayi woboola uja anawerenga katatu chifukwa mtima wake unkafuna kuti kukhale wina. Mwinanso kumeneko kuli wofunsafunsa ngati ine, amene moyo wake wonse ankayang'ana denga lija n'kumauza anzake kuti kuseri kwake kuli kanthu, anzakewo n'kumamuseka. Nanga katatu bwanji, osati kawiri? Bambo sankaika nambala pachabe. Iwe unkaganiza chiyani nthawi yonse ija unali chete pa tebulo? Sindinakufunsepo, ndipo lero ndikudabwa kuti ndinafunsa aliyense kupatula iwe.

Dzulo Amayi akusita malaya ananena okha, ine osawafunsa, kuti Bambo sanawawerengerepo mutu umenewo. Ati iwo sapempha kanthu, lonjezo ndi la ana, koma ngati kadzatsegulidwe iwo ali moyo, wowerengayo adzakhale mbali ya kumanja, khutu la kumanzere linapita kale.

Ndiye ndi izi. Mbali yanga ya lonjezo ndaiphwanya, ndipo ndikupempha undikhululukire. Mbali yako ili yonse. Ukafuna kudikira oboola aja, dikira, sindidzakuvutitsa kupitirira kamodzi pa chaka. Ukafuna kubwera nako pa tchuthi kuti uwawerengere Amayi, ine ndidzakhala pa mpando wakutali, manja nditakhalira.

Kaenvulopuko ndakaika m'kati mwa kalata ino. Kuno sikakanafika Lamlungu. Wopititsa kupositi ndi mlamu wako, chifukwa njira ya kumeneko ndi yaitali ndipo ine ndikudzidziwa.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti amamasula mawotchi a m'nyumba. Musamukalipire kwambiri, koma kaenvulopuko ubise patali ndi iye. Amayi akuti uzivala zofunda. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Wamkulu wosapirira