Chambo Chosakwera Ndege

Asiyatu mwana wanga,

Wafunsa ngati ndalongedza. Ndalongedza, koma mtima sunakhale pansi. Iyayi, ndiyambe kaye ndi moni. Salaam aleikum. Ine ndili bwino, bondo lokha ndiye likuvuta. Kaya inu ku Joniko?

Nkhani ndi ya chilumba chija cha Molishasi, kumene ukufuna kunditengera pa ndege kuti ndikapume. Ine chibadwire sindinalowepo pakhomo pa munthu chimanjamanja. Ndiye ndinalawirira kugombe kuno ku Lungwena, n'kusankha nsomba zisanu za chambo, zonona, ndipo ndinaziwamba masiku awiri mpaka maso kufiira ndi utsi. Dzulo pa foni iwe ukuti nsomba sizikwera ndege, komanso kuhoteloko kulibe mwini nyumba woti ndimpatse. Kulibe bwanji? Nanga wotiyalira pogona ndani? Wotiphikira sabata yonse ndani? Ndidye chakudya cha munthu, kenako n'kungonyamuka ngati mbuzi? Adzati amayi a ku Mangochi sanaleredwe.

Chonde ukawafunsenso a ndegewo mwaulemu. Uwauze kuti n'zouma, ndazikulunga m'chitenje chatsopano, sizinunkha kwenikweni. Akakana, ine sindikudziwa ngati ndipite. Allah akusunge, upereke moni kwa mkamwini wanga.

Akundilemberawa ndi aneba, Abiti Yusufu. Ndati awerenge ndimve, koma iwo maso ali pa chitenje chija. Akuti, "Abiti Saidi, musadzivute. Mwini nyumba wolandira chambo alipo, ndipo kwanga simukwerera ndege."