Mabotolo a Mlamu ku Rongai

Loweruka, Ogasiti 2004, Nairobi

Kwazizira ngati ku Dedza, ndipo mutu wanga ukulemera. Tabwera kuno kudzatsanzikana ndi umbeta wa Yamikani, amene akukwatira Tadala mwezi wamawa.

M'mawa tinapita kumalo osungirako nyama. Kadyansonga anaima pafupi ndi galimoto yathu, kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zosanja za mumzinda. Yamikani anangoti kukamwa yasa. Akuti akufuna akamfotokozere Tadala chilichonse, ndiye sakufuna kuledzera.

Masana a Phiri, achimwene ake a Tadala omwe amagwira ntchito kuno, anatitengera ku Rongai kukadya nyama yootcha, imene kuno amaitcha nyama choma. Kuno munthu akakugulira mowa sadikira kuti umalize, mabotolo amangofola patsogolo pako. Ndipo mowa wa mlamu sukanidwa.

Koma Yamikani ndamugomera. Botolo lililonse amalandira ndi manja awiri, “Zikomo alamu,” kulawa pang'ono, kenako n'kundipatsira ine kunsi kwa tebulo. Sanakane, sanaledzere. Ine monga bestimani ndamwera anthu awiri, mpaka ndinayamba kumuyankhula Chichewa woperekera zakumwa.

Pokwera matatu, minibasi ya kuno, a Phiri anandikokera pambali. Ndinaganiza kuti tagwidwa.

“Ndimaona zonse,” anatero. “Mlongo wanga wapeza munthu. Koma inuyo achimwene, tsiku la ukwati mphete musasunge ndinu.”

Panopa Yamikani ali pawindo la chipinda chomwe tafikira, akubwereza yekha mayina a nyama zija. Ine ndikungokumbukira kadyansonga yekha, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati anali mmodzi kapena…